Mtedza wa Chingaipe

Kalekale, m'mudzi mwathu muno, msewu wa galimoto usanadutse kuseri kwa dambo, munali munthu wina dzina lake Kachingwe. Musayankhe kuti tilitonse, iyi si nthano. Munthuyu analipodi, ndipo manda ake ali pansi pa mtengo wa muwanga uja tinadutsa dzana pokamanga chiliza cha amalume anu. Sonkhezani chikunicho, kukuzizira, koma manjawo asaleke kusenda mtedza. Nkhani imalowera kukhutu, sifuna manja.

Iwe Mtisunge, sendera kuno. Akuti ku Blantyre uko amakutchula dokotala, umavala zoyera, umayeza magazi a anthu pamakina kufufuza chifukwa chake thupi la wina limadana ndi zinthu zimene enafe timadya bwinobwino. Wakhala ukutiuza kuti ntchitoyi unakaiphunzira kunja zaka zisanu ndi ziwiri. Chabwino, sindikukana. Koma ine ndikuti ntchito imeneyi inayambira pakhonde la a Kachingwe, iwe wangoitola pamene anaisiya.

A Kachingwe anali osoka mphasa. Dzina lawo la kuubwana linaiwalika, chifukwa kulikonse kumene apita ankayenda ndi kachingwe ka luzi m'manja, akupota, akupota, mpaka anthu anangowatcha choncho. Anali munthu wochedwa, ndipo kuchedwa kwake kunkatopetsa. Ukawafunsa m'mawa kuti kodi mvula igwa lero, ankakuyankha mawa lake, itagwa kale. Komanso anali ndi liuma. Akanena kuti sindinaonetsetse, ngakhale mudzi wonse uwaunjirire, iwo ankangoweramira bango lawo n'kumasoka.

Iwowa ndiwo anali mwini mbumba, mwamuna wamkulu m'banja. Mlongo wawo wamng'ono, Nangondo, anakwatiwa ndi mnyamata wa tsidya la Bua, dzina lake Chingaipe, amene anabwera kudzakhala chikamwini kuno. Chingaipe anali woyimba ng'oma. Kukakhala ukwati, kukakhala mowa wa sadaka, midzi ya tsidya lija inkatuma munthu kudzamutenga, ndipo ankatha masiku awiri kapena atatu ali komweko. Anali wooneka bwino, wa kanzeru m'mano, woseka ndi aliyense. Kodi mukuganiza kuti a Kachingwe ankamukonda mlamu wotere? Sankamukonda ngakhale pang'ono. Ankati manja ake ndi ofewa, khasu limamudziwa pa Loweruka pokha.

Nangondo ndi Chingaipe anali ndi mwana mmodzi, wamkazi, Ndaziona. Pa nthawi imene ndikunenayi anali atatsala pang'ono kukwanitsa zaka ziwiri, akusiya bere, akuyamba kudalira phala. Ndipo musunge ichi m'mutu: chaka chimenecho mtedza wa m'mudzi muno unagwidwa ndi kadukutu, matenda aja amene amafinya masamba, moti palibe anakolola. Unangotsala wambewu pang'ono m'chikwatu cha mayi awo a Kachingwe, a Nasimbeko, ndipo palibe ankaukhudza.

Tsiku lina Chingaipe anabwera kuchokera kokayimba, dzuwa lili pamutu. Ananyamula mwana wake, namuvinitsa, namubweza kwa mayi ake. Dzuwa lisanapendeke, Nangondo anatuluka m'nyumba akukuwa. Milomo ya mwana inali itatupa, maso atatsekeka, thupi lonse ziwengo zokhazokha, ndipo popuma ankalira m'chifuwa ngati kamwana ka mphaka. Anthu anathamanga, ena ndi mizu, ena ndi madzi. Pofika mawa lake kutupa kunaphwa, mwana n'kumasewera ngati palibe chinachitika.

Patapita masabata awiri, Chingaipe anapitanso, anabweranso, mwana anatupanso. Kachitatu, chimodzimodzi. Apa ntchembere zinayang'anana, ndipo mawu amene aliyense anali nawo mumtima anatuluka: mdulo.

Ana a masiku ano mdulo simuudziwa. Makolo ankati mwamuna akayenda ndi mkazi wina kunja amabwera ali wotentha, ndipo akafika n'kugwira mwana wake wamng'ono, amamudula. Mwanayo amatupa, amabanika, mwina kufa kumene. Ine sindiwaseka makolo athu, lamulo limenelo linasunga amuna ambiri pakhomo. Koma taganizani inuyo. Mwamuna wokongola, woyimba ng'oma, wogona kumowa masiku atatu, ndipo tsiku lililonse limene wabwera mwana akutupa. Mukadakhalapo, mukadanena chiyani? Inenso ndikadanena zomwezo.

A Nasimbeko anaitana mwana wawo kuseri kwa nkhokwe. Anati, “A Kachingwe, mbumbayi ndi yanu. Mkamwini uyu atiphera mwana. Mukamuuze anyamule ng'oma yake awoloke, asadzapondenso kuno.”

A Kachingwe anapita kwa mlamu wawo. Anamupeza atakhala pa mtondo wogwetsa, ng'oma ili pambali, osaigwira. Chingaipe anati, “Alamu, ndamva zimene zikunenedwa. Ine mkazi wina sindimudziwa, pali malemu amayi anga. Koma ndilibe mboni. Mukati ndipite, ndipita, kuno si kwathu.”

Nangondo anali pakhomo, mwana kumsana, misozi ili mbwe. Anati, “Achimwene, ine mwamunayu ndimamufuna. Koma mwananso ndi wanga. Mundiuze inu, ine mutu waima.”

Mutu ukakula sulewa nkhonya. A Kachingwe akadangonena mawu amodzi, nkhani ikadathera pomwepo, ndipo iwo akadapuma kumuona mlamu amene sankamukonda. Koma liuma lija linawagwira. Anabwerera kwa mayi awo nati, “Amayi, ine sindinaonetsetse. Mundipatse miyezi iwiri. Munthuyu azipita kokayimba monga mwa masiku onse, ine ndiziyang'ana.”

A Nasimbeko anawayang'ana nthawi yaitali. Anati, “Miyezi iwiri. Koma mwanayu akafa m'miyezi yanuyo, manda mudzakumba nokha, palibe adzakuthandizani.” Mawu amenewo a Kachingwe anawasenza, ndipo akuti kuyambira tsiku limenelo chakudya sichinkawalowa bwino.

Anapota chingwe chachitali nachipachika pakhonde. M'mawa uliwonse ankamanga mfundo imodzi, tsiku limodzi mfundo imodzi. Tsiku limene Chingaipe wabwera kuchokera kokayimba, ankasomeka nthenga ya nkhuku pamfundopo. Tsiku limene mwana watupa, ankasomeka munga. Anthu odutsa ankaseka. Ankati mwana akufa, mwini mbumba akusewera ndi nthenga.

Mwezi woyamba unawachititsa manyazi. Chingaipe anabwera, mwana anatupa, nthenga ndi munga pamfundo imodzi. Anabweranso, anatupanso, nthenga ndi munga pamfundo imodzi. A Kachingwe anayamba kudziuza kuti amayi ananena zoona, ndikungozunza mwana.

Ndiye kunachitika chinthu. Chingaipe anabwera kuchokera ku sadaka ina atakolekera nkhuku m'khwapa, imene eni mowa anamupatsa. Ananyamula mwana, namukweza paphewa, nazungulira naye bwalo lonse. A Kachingwe anakhala pakhonde kudikira kukuwa. Dzuwa linapendeka, linalowa, kunacha, mwana ali gwa. Nthenga yokha, munga palibe. Anakauza ntchembere, ntchembere zinati, “Ulendo uno wadzisunga, basi.”

Patapita masiku asanu, Chingaipe asanapite kulikonse, ali pamwamba pa nkhokwe akufolera, mwana anatupa kuposa masiku onse. Milomo inada, mpweya unkachita kukoka, Nangondo anayamba kulira maliro mwana akadali moyo. Mwa mwayi anatsitsimuka. Munga wokha, nthenga palibe. A Kachingwe anakauzanso ntchembere. Mukudziwa zinati chiyani? Zinati, “Ndiye kuti mkazi wakeyo ali m'mudzi momwe muno.” Akazi anayamba kuyang'anana ndi diso loipa kuchitsime, ena analeka kupatsana moto.

Koma a Kachingwe anakhala pansi ndi chingwe chawo pamwendo. Nthenga yopanda munga, munga wopanda nthenga. Anazigwiragwira mfundo ziwirizo tsiku lonse, mphasa imene ankasoka ili pomwepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Madzulo ake anapita kwa mlongo wawo, ndipo sanafunse kuti mwanayu wamugwira ndani. Anati, “Nangondo, dzulo mwanayu anadya chiyani?”

“Phala, achimwene.”

“Phala lokhalokha?”

“Ndinathiramo tinsinjiro. Ndinachita kukokota m'nsengwa totsalira.”

“Nsinjiro chaka cha kadukutu chino? Mtedza mukuutenga kuti?”

“Bambo ake akakayimba, eni mowa amawathokoza ndi kansengwa ka mtedza. Tsidya lija unachita bwino. Iwo sadyako, amati n'za mwana. Akafika ndimasinja tsiku lomwelo kuti mwana anenepe.”

“Nanga tsiku la nkhuku lija?”

Nangondo anati, “Tsiku lija sanabwere ndi mtedza.”

A Kachingwe sanafuule, sanathamange. Anangoti, “Kuyambira lero mtedza usapite pakamwa pa mwanayu,” napita kwa mayi awo. A Nasimbeko anaseka mpaka kutsokomola. Anati, “Mtedza? Inu munakula ndi chiyani? Ine ndinakula ndi chiyani? Mudzi wonse uno ndi wa nsinjiro. Chakudya chingadule munthu? Ndipo ngakhale zitatero, mtedzawo wabwera m'manja mwa yani? Si mwa wotentha yemweyo?”

Apa mpamene ndimawakondera a Kachingwe. Sanakangane ndi mayi awo. Anaona kuti funsolo ndi labwino, ndipo funso labwino siliyankhidwa ndi pakamwa. Anati, “Amayi, mwanena zoona. Tiyeni timuchotsemo munthuyu m'nkhaniyi, titsale ndi mtedza wokha.”

Anamuuza Chingaipe kuti awoloke Bua akakhale kwawo masiku khumi, asaoneke kuno ngakhale chithunzithunzi chake. Chingaipe anawoloka ng'oma ataisiya, ndipo ambiri ankati sabweranso. Masiku khumi anatha, mfundo khumi, mwana osadya mtedza, osatupa. Ntchembere zinati, “Mwaona? Wachoka, mwana wachira.” A Kachingwe anati, “Dikirani mawa.”

M'mawa mwake anaitana ntchembere zonse pamthunzi. Anapempha mayi awo kuti amasule chikwatu chawo cha mbewu chija, chimene Chingaipe sanachikhudzepo, atapemo mtedza wodzaza dzanja, asinje okha mumtondo wawo. A Nasimbeko anali nkhalamba yamasiye, panalibe munthu akadanena kuti ndi otentha. Nangondo anagwira mwana wake mwamphamvu nati, “Achimwene, musamudyetse.” Iwo anati, “Pakamwa pake sipapita kanthu.” Paja masiku onse aja anali ataona kuti pamene phala ladonthera, pachibwano ndi pachifuwa, mpamene pamayamba kufiira.

Anamugoneka mwana chafufumimba pamiyendo ya mayi ake. A Kachingwe anatenga khala nalemba timabwalo titatu pamsana pake. A Nasimbeko ndi chala chawo anapaka ufa wa chimanga wonyowetsa pa koyamba, khobwe wosinja pa kachiwiri, nsinjiro pa kachitatu. Kenaka onse anadikira. Mwana ankasewera ndi chikho, osadziwa kuti ukwati wa makolo ake uli pamsana pake. A Kachingwe ankapota luzi, koma akuti luzi linkangoduka. Kukadapanda kuoneka kanthu, mawa lake akadatumiza ng'oma ija tsidya.

Panapita nthawi yokwana kuwiritsa madzi. Pa ufa, palibe. Pa khobwe, palibe. Pa nsinjiro panayamba kufiira, kenaka panatukuka ngati polumidwa ndi njuchi, mwana n'kuyamba kulira akufuna kukanda. A Kachingwe anatsuka msanga ndi madzi ambiri, ndipo pofika masana panaphwa.

A Nasimbeko anatapa nsinjiro zotsala napaka pa mkono wawo, nadikira, nadikira, osaoneka kanthu. Anayang'ana mkono wawo, anayang'ana msana wa mdzukulu wawo. Pomaliza anati, “Thupi la mwanayu ndi lake lake. Ine ndikadathamangitsa mwana wa eni wopanda mlandu.” Analowa m'khola nagwira tambala wawo wamkulu, napatsa a Kachingwe. Mpongozi sayang'anana ndi mkamwini, ndiye kupepesa kwawo kunali tambalayo.

A Kachingwe anawoloka okha. Anamupeza Chingaipe atawonda, akusema mpini. Anati, “Alamu, tiyeni kwanu.” Atamufotokozera zonse, Chingaipe sanasangalale monga mmene mukuganizira. Anakhala pansi nalira ngati mwana. Anati, “Ndiye kuti ndine ndemwe. Ndinkadzimana njira yonse, njala ikundipweteka, kuti ndimufikitsire mwana wanga chomupha.” A Kachingwe anati, “Munkabweretsa chimene bambo aliyense akadabweretsa. Dzukani, dzuwa likupita.” Kuyambira pamenepo eni mowa onse a tsidya lija anadziwa kuti Chingaipe samuthokoza ndi mtedza, amamupatsa nkhuku kapena mapira.

Ukuti chiyani, Mtisunge? Eya, nena mokweza amve onse. Akuti zopaka pamsanazi musakayesere kunyumba, mwana wina angathe kubanika ndi kupaka kokhako, zimenezi amachita kuchipatala mankhwala ali pafupi. Mwamva? A Kachingwe analibe chipatala, ndipo iwo omwe ankanena mpaka ukalamba wawo kuti tsiku lija anachita mantha kuposa tsiku lililonse.

Mbiri inamveka. Anthu anayamba kubwera, ena ulendo wa masiku awiri, ndipo aliyense ankamupotera chingwe chakechake. Panali bambo wina amene ankabanika ndi mphumu chaka chilichonse, akumati alodzedwa ndi mbale wawo. Chingwe chinaonetsa kuti minga yonse ikugwera masiku opuntha mapira. Anawauza kuti azisinthana ntchito ndi mbale wawo yemweyo, iwo azikadula mitengo, winayo azipuntha, ndipo anthu awiriwo anayambanso kudyera mbale imodzi. Panali mayi wina wotupa maso mitengo ya mango ikachita maluwa. Zaka makumi atatu akuchita zimenezi, denga la khonde lawo lili lendelende ndi zingwe. Mankhwala analibe, ndipo sankanama kuti ali nawo. Ankangokuuza chimene uyenera kuchithawa.

Sizonse zinawayendera. Mnzawo wapamtima, Mkwezalamba, wofula njuchi, anayamba kutupa kwambiri akalumidwa. A Kachingwe anamuchenjeza kuti asiye, koma munthu wakula ndi uchi angamve? Tsiku lina njuchi imodzi yokha inamuluma pakhosi, ndipo anafera m'manja mwawo asanafike naye kumudzi. Akuti a Kachingwe anati, “Chomupha ndikuchidziwa, chomuletsa sindichidziwa. Mwina adzachidziwa ana.” Mtisunge wandiuza kuti masiku ano kuli jakisoni amene akadamupulumutsa. Nditamva zimenezo ndinalakalaka nkhalamba ija ikadadzuka, ingomuona mwanayu kamodzi atavala zoyera zakezo.

Zingwe zija zinadyedwa ndi chiswe, ine ndinangoona zidutswa. Koma a Ndaziona ndinawaona ndi maso angawa, ali nkhalamba yoseka kwambiri. Ndiwo zotendera sanazilawepo moyo wawo wonse. Anali ndi mtondo wawowawo, umene sunalowemo mtedza, ndipo ukaubwereka ankakununkhiza m'manja. Ndi uja wang'ambika uli kuseri kwa khitchini, umene ana inu mumakhalira. Ndimawasowa anthu aja. Analibe mabuku, koma ankadziwa kukhala pansi n'kuyang'ana chinthu mpaka chiyankhe.

Ndiye chifukwa chake m'banja mwathu muno, munthu akadwala modabwitsa, sitiyamba ndi kufunsa kuti wamuchita ndani. Timayamba ndi kuti wadya chiyani, wagwira chiyani, anali kuti, ndipo zinachitikanso liti. Funso la ndani limafulumira, ndipo nthawi zonse limapeza munthu, kawirikawiri mlendo wopanda womuyankhulira. Funso la chiyani limachedwa ngati a Kachingwe.

Chatsala chimodzi. Chingaipe atabwerera, patapita chaka ndi theka, Nangondo anabereka mwana wachiwiri, wamkazi, namutcha Siyeni. Siyeni anabereka amayi anga. Amayi anga anabereka ine ndi agogo ake a Mtisunge ndi agogo a enanu. Tayang'anani amene mwazungulira motowu, muwerengane. A Kachingwe akadangomvera tsiku lija kuseri kwa nkhokwe, ng'oma ikadawoloka Bua, ndipo pano pakadakhala tchire, popanda ine wokamba ndi inu omvera.

Kwezani lichero la mtedzalo pamwamba, makoko mutaye kudzala. Ndipo nonse mukasambe m'manja ndi sopo musanakagwire khanda la achemwali anu lija. Mwezi watha linafiira pachibwano, ndipo Mtisunge akupita nalo ku Blantyre Lolemba kukaliyeza.